Kepitawuni, Gaborone Kapena Limbe

Anthu akamva kuti ndinakhalako ku Joni amayamba andiyang'ana m'manja, kufuna kuona ngati ndi manja ochapa zovala za azungu. Sindiwadzudzula, poti akazi ambiri a kwathu kuno amene anawoloka Beitbridge masiku amenewo ntchito zake zinali zomwezo, ndipo ndi ntchito ndithu. Koma yanga inali ya m'siling'i. Ndinkavala ovolosi, kukwera makwerero, n'kumakwawa pamwamba pa maofesi ndikukoka mawaya olumikiza makompyuta.

Kwathu ndi kuseri kwa mishoni ya Nguludi. Nditamaliza Fomu 4 ndinaphunzira kutayipa, ndipo chaka chimene tinavotera zipani zambiri koyamba chija ndinapeza ntchito ku Limbe, m'sitolo ya mmwenye wina wogulitsa zitsulo. Chaka chotsatira mwamuna wanga anadwala miyezi ingapo n'kumwalira. Anandisiyira mwana mmodzi wamkazi, Tadala, atangoyamba kumene kuimirira.

Mu ofesi ya mmwenyeyo munali kompyuta imodzi ndi pulinta yake. Anzanga ankailambalala ngati galu wa eni, poweruka n'kuifunditsa nsalu. Ine nthawi ya nkhomaliro ndinkatsala, buku lake lili pamiyendo, dikishonale pambali. Ikavuta, bwana ankadikira mmisiri wochokera ku Joni, mzungu wamtali wa ndevu zofiira dzina lake a Kobasi, amene ankabwera pakapita miyezi kudzazungulira masitolo a m'tauni. Ulendo wina anafika n'kupeza pulinta imene anawaitanirayo ikulira bwinobwino.

"Wakonza ndani?" anafunsa.

Bwana anandiloza ndi chibwano.

"Wakonza ndi chiyani?"

Ndinatsegula dirowa n'kuwaonetsa chipini cha m'tsitsi ndi mswachi wakutha. A Kobasi anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anakoka mpando n'kundipanikiza ndi mafunso ola lathunthu. Potuluka analemba nambala kuseri kwa envelopu. "Ukadzatopa ndi kutayipa udzandiimbire," anatero.

Ndinatopa msanga.

Amayi sanakondwe nazo. "Joni inatha amuna a m'mudzi muno nthawi ya migodi, lero yayamba akazi?" Achimwene anga, monga mwinimbumba, ankangoti tione kaye, tione kaye. Amene anadula nkhani ndi achemwali anga aakulu, a Aginesi. Iwowa anakhala pabanja zaka zambiri osaona mphatso, mpaka mwamuna anatola katundu wake n'kubwerera kwawo.

"Pita," anandiuza. "Mwanayu ndisiyire ine. Ukakhala pano uzingolira maliro osatha."

Tsiku lonyamuka anandiperekeza mpaka pa Tenofu, pamphambano yokwerera basi, Tadala ali kumbuyo kwawo, akudya chinangwa chophika chimene chinali kamba wanga. Sanalire. Anandibayibitsa ngati ndikupita kuchigayo.

Za ulendowo ndimakumbukira kutentha kwa ku Tete, mizere ya pachipata ndi mapazi otupa. Ku Joni kampani inandipezera malo m'fulati ina ku Yeoville. Chipinda chimodzi tinkachigawa ndi katani, mbali ino ine, mbali iyo Nomsa, mayi wa ku Bulawayo amene ankasunga zipangizo kukampani kwathu komweko. Ndi Nomsa amene anandiphunzitsa kuyenda mu Joni. Kumeneko minibasi amati tekisi, ndipo suimitsa ndi pakamwa koma ndi zala, chala chimodzi m'mwamba ngati ukupita m'tauni.

"Ukakwera utseke pakamwa, sisi," ankatero. "Ukangoyankhula adziwa kuti ndiwe kwerekwere."

Limenelo ndi dzina lonyoza limene ankatipatsa ife obwera. Ndinalimva kambirimbiri, m'tekisi, pamsika, ngakhale kwa apolisi ofuna kuona pemiti. Linkawawa masabata oyamba okha. Kenako ndinaona kuti munthu wondinyozayo kompyuta yake ikafa amandipatsa mpando ndi tiyi.

M'gulu lathu tinalimo asanu ndi mmodzi, mkazi ndekha. Kapitawo wathu anali Mzulu wa mawu ngati bingu, ndipo sankabisa kuti sakundifuna. Mpukutu wa waya wolemera kwambiri unkakhala wanga. Siling'i yopapatiza, yotentha ngati uvuni wa njerwa, inkakhalanso yanga. M'masiling'i a kumeneko amayalamo chinthu chonga thonje, choyabwa kuposa chitedze, moti ndikafika kufulati Nomsa ankandithira madzi ozizira kumsana ine ndikudzikanda mpaka magazi. M'nyengo yozizira zala zinkauma, sikuludilaiva n'kumapulumuka m'manja.

Tsiku lina tikugwira mu ofesi ya maloya ndinaponda pakati pa mitanda iwiri. Siling'i inabooka, mwendo wonse n'kutulukira kunsi, m'chipinda mmene azibambo a masuti anali pamsonkhano. Ndinamva mayi wina akukuwa. Ndinakhala choncho, mwendo uli lendelende pamwamba pa tebulo lawo, nsapato itagwera m'mapepala. Kapitawo anakwawa n'kudzandikoka m'khwapa. Ndinkayembekeza bingu lija. Iye anangoyang'ana dzenjelo n'kunena kuti, "Ine langa loyamba linali m'banki, ndipo ndinagwa thupi lonse." Anatsika yekha kukapepesa n'kubwera ndi nsapato yanga. Kuyambira tsiku limenelo anzangawo anayamba kunditchula kuti Malawi, ndipo pa nkhomaliro buledi ndi tchipisi tinkadyera pepala limodzi.

M'siling'i sindinakhalitsemo. Loweruka anzanga akapita kumpira ine ndinkapita kuwekishopu kukamasula makompyuta akufa n'kuwamanganso. Ndinalemba mayeso awiri, onse ndinakhoza. Pofika chaka chachitatu a Kobasi ankandituma ndekha kukakhazikitsa seva, kompyuta yaikulu ija imene imasunga ntchito za zinzake zonse mu ofesi.

Kumudzi ndinkatumiza zimene wina aliyense wa ku Joni ankatumiza, mabulangete, mapoto, malata a nyumba ya amayi. Nsapato za Tadala zinali ndi njira yake. A Aginesi ankayeza phazi lake ndi ulusi, n'kuudula, n'kuuika m'kalata. Ine ndinkapita nawo ulusiwo kusitolo. Kalata iliyonse ulusi unkabwera wotalikirapo, ndipo umo ndi mmene ndinkadziwira kuti mwana wanga akukula. Kamodzikamodzi tinkapangana tsiku loti akadikire foni papositi. Akamupatsa Tadala foniyo ndinkangomva kupuma kwake, kenako mawu a achemwali chapatali, "Yankhula, iwe!"

Kenako kunabwera mantha aja oti chaka cha 2000 chikangokwana makompyuta onse asokonezeka. Tinagwira ntchito ngati nyerere. Anatituma mpaka ku Kepitawuni ndi ku Gaborone, ndipo ndi mmene ndinaionera mizinda iwiriyo ndi maso anga. Chakacho chinakwana, dziko silinathe, koma kampani yathu inali itanenepa. A Kobasi anandiitana mu ofesi mwawo.

"Kuno ku Joni tikusiya anthu ochepa," anatero. "Tikutsegula ku Kepitawuni ndi ku Gaborone. Konse kuwiri ndikukufuna, koma ndiwe mmodzi. Sankha wekha. Ndikupatsa mwezi."

Ndinatuluka mu ofesimo ndikuyenda ngati pansi pali sipuling'i. Ine, wotayipa wa ku Limbe, kundipatsa mizinda iwiri kuti ndisankhe ngati nsalu pamsika!

Lamulungu masana, titachoka kutchalitchi, ine ndi Nomsa tinakhala pakhonde la fulati n'kuyamba kuitembenuza nkhaniyo. Ku Kepitawuni n'kumene kunkapita ntchito zazikulu ndi makina atsopano. Kumeneko akanandiphunzitsa kulemba mapulogalamu, chinthu chimene ndinkachilakalaka kuyambira kale, chifukwa wokonza makina amadikira kuti china chife, pamene wolemba pulogalamu amapanga chimene kunalibe. Sukulu za ana zinalinso zabwino. Koma nyumba zinali zodula, mphepo yake yogwetsa munthu, mvula yake yogwa m'nyengo yozizira, ndipo kuchokera kumeneko kufika ku Nguludi ndi ulendo woti maliro umapeza ataika kale. Gaborone anali mzinda wofatsa. Nditapitako ndinadabwa kuona anthu akuyenda chikwama chili kumbuyo osachigwira. Kumeneko ndikanakhala kapitawo wa gulu langa. Koma ntchito yake inali yomwe ndinkaidziwa kale, mawaya ndi maseva, ndipo dzuwa lake linandikumbutsa ku Tete.

"Ine wanga ndi Gaborone," anatero Nomsa. "Ndikakwera m'mawa, madzulo ndili ndi ana anga ku Bulawayo. Tiye limodzi, sisi. Tikapeze nyumba ya zipinda ziwiri, katani uyu timutaye."

"Nanga mapulogalamu?"

"Mapulogalamu adzakuphikira phala ukadwala?"

Ndinaseka, koma mtima unali utapita kale kunyanja ya mchere. Ndinamuuza kuti ndipita ku Kepitawuni, ndipo ndikatenga Tadala kuti akapitirize sukulu kumeneko. Nomsa anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwanayo wamufunsa?"

"Mwana amafunsidwa?"

"Nanga amene akumulerayo?"

Ndinapempha tchuthi cha masabata awiri n'kukwera basi.

Panali patapita zaka zinayi chichokereni kumudzi. Ndinapeza amayi maso atachita ng'ala, anandizindikira ndi mawu. Achimwene anali atatsegula kagolosale pamsewu ndipo ankavala jekete ngakhale kukutentha. Nditawafotokozera za mizinda iwiri ija sanachedwe. "Kepitawuni basi, achemwali. Gaborone ndi mudzi waukulu chabe. Mukakhazikika mudzaitane ife."

Tadala anabwera kuchokera kusukulu atavala nsapato zimene ndinagula ndi ulusi womaliza. Anali wamtali, nkhope ya bambo ake yeniyeni. Anagwada patali n'kunena kuti, "Takulandirani, anti." Kenako anathamangira kwa a Aginesi, "Amayi, njala!"

Kwathu kuno mchemwali wa mayi ako ndi mayi ako, zimenezo sizinandidabwitse. Chimene chinandilasa ndi anti. A Aginesi anamukalipira, "Anti ake ati? Awa ndi amayi ako okubereka, ndimakuuza tsiku ndi tsiku." Mwana anangobisala kuseri kwa chitenje chawo.

Ndinadikira masiku atatu ndisanaitulutse nkhani. Tinali pakhonde masana, tikusenda nandolo, Tadala ali kusukulu. Ndinafotokoza zonse, za ntchito, za sukulu za kumeneko, za pasipoti ya mwana imene ndinkafuna kukayambitsa ku Blantyre. A Aginesi sanasiye kusenda.

"Mwana ndi wako," anatero. "Sindingakukanize, ndipo ndinadziwa kuti tsikuli lidzafika. Koma undiuze, kumeneko kumazizira?"

"Kumazizira, ndi mvula yomwe."

"Ngati chiperoni?"

"Kuposa chiperoni."

Anagwedeza mutu. "Ndiye ukamugulire mankhwala opopera m'kamwa aja, asamathe m'nyumba. Akayamba kulira m'chifuwa ngati mwana wa mphaka usamugoneke, umukhazike tsonga, umugwire apa." Anadzigwira pakati pa mapewa.

"Mukunena chiyani, achemwali?"

"Mphumu. Anayamba chaka chimene unachoka. Chiperoni chikangoyamba timakhala anthu a kuchipatala. Kawiri anamugoneka. Ulendo wina masisitere anaitana ansembe."

Nandolo zinagwa m'manja mwanga. "Bwanji simunandilembere?"

"Ukanatani uli m'siling'i ku Joni? Ukanangogwanso." Anayesa kuseka koma sizinatheke. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Usiku sagona mpaka agwire khutu langa. Ukamupatse lako, mwina azolowera."

Sanandipemphe kuti ndimusiye mwanayo, ndipo kusapempha kwawoko kunandilemera kuposa akanandigwira miyendo.

M'mawa mwake ndinapitabe ku Blantyre kukatenga mafomu a pasipoti, poti ndine munthu woti ndikayamba chinthu ndimafuna ndione mapeto ake. Pobwerera ndinatsika ku Limbe kuti ndikapereke moni kwa bwana wanga wakale. Ndinapeza makompyuta atachuluka, analipo anayi tsopano, koma atatu anali ofunditsidwa nsalu dzuwa lili pamutu.

"Afa," anatero mmwenye uja. "Magetsi anazima n'kubwera ndi mphamvu. Mwezi wachiwiri uno tikudikira munthu wa ku Joni."

Ndinapempha sikuludilaiva. Pasanathe ola, makompyuta awiri anali atadzuka, ndipo pa yachitatuyo ndinawauza chitsulo choti aitanitse. Bwanayo sanandithokoze n'komwe, anangothamangira pafoni. Posakhalitsa kunabwera m'bale wake wa sitolo ya nsalu kudzanditenga. Kuchoka apo ananditengera ku ofesi ya malole, kenako kusukulu ina yophunzitsa kutayipa kumene makompyuta asanu ndi limodzi anali m'makatoni chibwerereni, palibe wodziwa kuwalumikiza. Pofika nthawi yoweruka ndinali nditalowa makomo anayi, mafomu a pasipoti atakwinyika m'chikwama.

Ndinaima pa depoti ya minibasi, manja ali bii ndi fumbi la m'makina, ndikumva makondakitala akuitanira, "Nguludi, Nguludi, wotsala mmodzi!" Apo m'pamene ndinaona kuti pamndandanda wa a Kobasi panasowa mzinda. Ntchito inali pompano, yodikira munthu miyezi iwiri, ndipo kuchoka pamene ndinaimapo kufika pakhonde la achemwali sipankatha ola.

Nditabwerera ku Joni ndinalowa mu ofesi ya a Kobasi ndisanavule n'komwe fumbi la ulendo.

"Ndasankha, bwana. Limbe."

"Limbe palibe pamndandanda."

"Muikepo."

Ndinawafotokozera makomo anayi aja. Anamvetsera, chala chili m'ndevu, koma anakana. Anati kampani singatsegule nthambi kumalo kumene magetsi amazima ngati akuphethira, kumene chitsulo chimagona pachipata mwezi wathunthu.

"Ukubwerera m'mbuyo zaka khumi," anatero. "Anzako amene akupita ku Kepitawuni adzakusiya kutali. Mutu ngati wakowo ukufuna ukauthere pa mapulinta a m'masitolo?"

"Ngati simutsegula inu, nditsegula ine."

Anandiyang'ana ngati tsiku la chipini lija. Kenako anatulutsa kabuku ka makasitomala awo a ku Malawi n'kukaponya patebulo. "Ndatopa nawo ulendo umenewo. Zipangizo uzigula kwa ine. Ukalephera, ku Gaborone malo ako adzakhalapo chaka chimodzi, osapitirira."

Nomsa anandinyanyala masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinapeza wandilongedzera bokosi la zipangizo, chilichonse m'malo mwake, mpaka timisomali ting'onoting'ono m'kabotolo ka mafuta odzola. Gulu lathu lonse linandiperekeza kubasi. Kapitawo ananyamula yekha bokosilo pamutu ngati mayi wochokera kumjigo, anthu akumuseka, iye osalabadira.

Zimene ananena a Kobasi sizinali zabodza. Ndinachita lendi kachipinda pamwamba pa sitolo ina ku Limbe, ndipo masiku ena ndinkakhala manja lende kuyambira m'mawa mpaka madzulo, magetsi kulibe. Zitsulo zinkagonadi pachipata. Mapulogalamu aja sindinaphunzire mpaka lero, ndipo mnzanga wina amene anapita ku Kepitawuni anadzafika mpaka ku Ulaya. Ndikamva za iye kamtima kamati tsemwe, sindinama. Koma chaka cha a Kobasi chija chinatha ine ndisanaganizeko za Gaborone. Maofesi ankachuluka, mafoni a m'manja anafika, nyumba za intaneti zinayamba kutsegulidwa, ndipo aliyense ankafuna waya. Ndinalemba atsikana awiri ochokera kusukulu yotayipa ija n'kuwagulira maovolosi.

Tadala sindinamutenge. Achimwene anandinena kuti ndataya Kepitawuni chifukwa cha mwana amene sindikukhala naye n'komwe. Ndinawasiya anene. Loweruka lililonse masana ndinkatseka, kukwera minibasi ya ku Nguludi, n'kubwerera Lolemba m'mamawa. Sindinkamukakamiza kanthu mwanayo. Ndinkakhala pamkeka n'kumasula wailesi yakufa ya amayi, iye n'kumasuzumira chapatali. Sabata zina anayamba kundigwirira timisomali. Chiperoni chitabwera ndinali pomwepo, ndipo ndinaphunzira kumukhazika tsonga ndi kumugwira pakati pa mapewa, achemwali akundikonza dzanja.

Tchuthi chachitatu cha sukulu chitayandikira, a Aginesi anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Mutenge akaone ku Limbe," anatero. "Sabata imodzi. Therere sadya, usavutike. Mankhwala ake ndaika m'thumba la kutsogolo. Lachisanu um'bweze, Loweruka ali ndi katekisimu."

Sabata imeneyo ndinakana ntchito zonse za kutali. Tadala ankakhala pampando wa muwekishopu miyendo ili lende, akulemba dzina lake pakompyuta mobwerezabwereza mpaka kudzaza tsamba. Lachinayi tsitsi lake linali litamasuka, ndipo ndinati mwana wanga sangabwerere kumudzi ngati wosowa mwini. Ndinamukhazika pakati pa miyendo yanga n'kuyamba kuluka. Zinanditengera masana onse. Iye anapirira osadandaula, kupatula kamodzi pamene anati, "Mukukoka ngati waya."

Lachisanu m'mawa ndinam'bweza monga tinapanganira. A Aginesi anatichingamira panjira, namugwira mwanayo mapewa, kumutembenuza uku ndi uku. Mizere ya m'mutumo inali yokhotakhota ngati njira za mbewa, ina yonenepa, ina yothera panjira. Anaseka mpaka kukhala pansi pa udzu, Tadala nayenso n'kuyamba kuseka.

"Makompyuta umatha, m'bale wanga," anatero akupukuta misozi. "Koma izi ayi. Tadala, katenge chipeso ndi mkeka. Iwe khala apa, uone mmene ndikugawira."

Ndinakhala pansi.